Chisa cha namzeze pakhonde pathu: tichiteteze bwanji kwa adani ake?

*Mawu amene Mneneri wa Khonsolo anayankhula pokumbukira tsiku la mbalame zoyenda maulendo ataliatali, pamaso pa makalabu a zachilengedwe a m'sukulu ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi.*



Ndapatsidwa mpata woti ndiyankhulepo za mbalame imene aliyense pano akuidziwa, namzeze. Ena mwina mukudzifunsa kuti khonsolo, imene ili ndi misewu yoti ikonze, mijigo yoti ikumbe ndi midadada ya sukulu yoti imalize, yatani kuti ikhalire pansi kambalame kolemera magalamu 20 okha. Yankho lake lili pamwamba pa mitu yathu. Mukayang'ana kunsi kwa madenga a sukulu, a zipatala ndi a misika, ngakhalenso kunsi kwa milatho ndi makalavati, mupeza zisa zadothi. Nyumba zimenezi zili m'manja mwa khonsolo ndi makomiti anu. Choncho eni malo amene namzeze amamangapo ndife, ndipo chimene chimachitikira mazira ndi ana ake pamalopo chimatikhudza.

Anamzeze si amodzi

Dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo dzina loti namzeze timalipereka ku mitundu ingapo. Woyamba ndi mlendo wochokera ku Ulaya ndi ku Asia. Ameneyu amafika cha mu Okutobala ndi Novembala, mvula ikamayandikira, n'kubwerera kwawo cha mu Marichi ndi Epulo. Makolo athu ankati akaona anamzeze atachuluka, akuuluka chapansipansi, ankadziwa kuti nthawi yomaliza kugalauza yakwana. Ulendo wa mbalameyi umafika makilomita pafupifupi 10,000 mbali imodzi. Izi zinatsimikizika kalekale: namzeze wina amene anavekedwa kamphete pamwendo ku Staffordshire, ku England, mu 1911, anapezeka ku Natal, ku South Africa, mu Disembala 1912. Mlendoyu saikira mazira kuno. Amabwera kudzadya, ndipo usiku amagona m'mabango a m'madambo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chimene amafuna kwa ife ndi bango losatenthedwa ndi chakudya chopanda poizoni basi.

Achiwiri ndi eni mudzi, amene amaswera konkuno. Pali namzeze wa mizeremizere pachifuwa, wamutu wofiirira, amene amamanga chisa chonga mphika chokhala ndi kakhomo kotalika ngati khosi la botolo, n'kuchimata kunsi kwa denga. Palinso wina wa pachifuwa poyera, wamchira wa tinthenga tiwiri towonda ngati waya, amene amakonda kufupi ndi madzi ndipo amamanga chisa chotseguka ngati theka la mbale. Amenewa ndiwo tikukhala nawo m'makonde mwathu.

Wachitatu ndi namzeze wabuluu, amene ambiri a ife sitinamuonepo. Amaswera m'malo a udzu a pamwamba pa mapiri, monga ku Nyika ndi ku Mulanje, ndipo amamanga chisa chake m'maenje ndi m'zigwembe za pansi. Mvula ikatha amapita kumadera ozungulira nyanja ya Victoria, ku Uganda ndi ku Kenya. Padziko lonse atsala masauzande ochepa okha, ndipo bungwe la IUCN linamuika m'gulu la zamoyo zimene zili pachiopsezo. Nyika ndi amodzi mwa malo ofunika kwambiri amene mbalameyi imaswerako. Chimene chamuchepetsa m'mayiko ambiri ndi kutha kwa malo a udzu, amene asanduka minda kapena nkhalango za paini ndi bulugamu. Nkhani yake ikutiphunzitsa kuti mbalame imatha mwakachetechete, anthu n'kudzazindikira itapita kale.

Phindu lake ndi lotani?

Namzeze sadya chimanga, sadya mpunga, satola mapira. Chakudya chake chonse ndi tizilombo touluka, timene amagwira ali m'mlengalenga: ntchentche, ngumbi, nyerere zamapiko, tizikumbu ting'onoting'ono, ngakhalenso udzudzu akaupeza. N'chifukwa chake mumamuona akuzungulira khola la ng'ombe, dzala la pamsika ndi dimba. Pamene ali ndi ana m'chisa, makolo awiri amapanga maulendo mazanamazana patsiku kubweretsa chakudya.

Koma ndinene mosabisa: namzeze sangalowe m'malo mwa neti yonyikidwa m'mankhwala, pakuti udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku iye atagona. Sangathetsenso yekha mbozi zowononga chimanga. Iye ndi wantchito mmodzi mwa ambiri, pamodzi ndi mileme, achule, abuluzi ndi akangaude, amene amachepetsa tizilombo popanda kulipidwa. Akamasowa pamalo pamene kale ankachuluka, tizidziwa kuti chinachake chasokonekera: mwina dambo lauma, mwina mankhwala opopera achuluka.

Masabata asanu a chiopsezo

Chisa cha namzeze chimamangidwa ndi timibulu ta matope, kamodzikamodzi, tonyamulidwa pamlomo kuchokera pachithaphwi kapena pamjigo. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo ntchitoyi imatha kutenga sabata kapena masabata angapo. M'kati mwake amayala udzu ndi nthenga. Mazira amakhala awiri, atatu kapena anayi. Amawafungatira pafupifupi masabata awiri, ndipo ana akaswa, ali amaliseche ndi osaona, amakhala m'chisa masabata enanso pafupifupi atatu. Ndiye kuti kwa masabata asanu banja lonse lili pamalo amodzi, losatha kuthawa. Namzeze wamkulu ali m'mlengalenga ndi wovuta kumugwira. Adani amene amatha kutero kawirikawiri ndi akabawi aliwiro. Adani ena ambiri amadikira pachisa.

Mphaka ndi woyamba. Amakwera mtanda wa denga, mpanda kapena pamwamba pa chitseko, n'kupisa dzanja m'chisa. Amadikiranso pansi tsiku limene ana akuphunzira kuuluka, komanso pachithaphwi pamene makolo amatola matope.

Khoswe amabwera usiku, kudzera m'mitanda ndi m'mawaya a magetsi. Amadya mazira ndi ana omwe. Pamene pali nkhokwe, chigayo kapena dzala losasamalidwa, makoswe amachuluka ndipo zisa sizikhalitsa.

Njoka imakwera khoma losapulasitala, nsanamira yamtengo, kapena kutsika kuchokera ku nthambi imene yakhudza denga. Pali njoka ina yopanda ululu imene chakudya chake ndi mazira okha. Imameza dzira, n'kuliswera kukhosi, n'kulavula chikhungwa. Mukapeza chisa chili bwinobwino koma m'kati mulibe kanthu, kawirikawiri ndi njoka imene yadutsapo. Kumilatho ndi kumitsinje, ng'azi nayo imafika pachisa chimene chamangidwa mmunsi.

Khwangwala ndi wochenjera. Amakhala pamtengo kuonerera kumene makolo akulowa ndi kutuluka, ndipo akapeza potera pafupi ndi chisa amagumula dothi ndi mlomo. Akhwangwala amachuluka pamene pali zinyalala zotayidwa mwachisawawa, ndiye nkhani ya ukhondo wa pamsika ndi nkhani ya namzeze ndi imodzi.

Linthumbu likadutsa usiku n'kupeza njira yokwerera, ana a m'chisa sapulumuka. Palinso olanda nyumba: timpheta ta m'mashopu ndi m'zigayo, timene tinachokera kunja n'kufalikira m'matauni mwathu, timalowa m'chisa cha namzeze n'kutayira mazira ake pansi.

Mdani womaliza ndi amene angathe kumva mawu anga, ndiye munthu. Mwana wa legeni, wosesa wa ndodo yaitali, ndi mmisiri wopaka penti amene walamulidwa kuti khoma lioneke bwino mlendo asanafike, amatha kugwetsa m'mawa umodzi zisa zimene njoka sikanazimaliza chaka chonse.

Nkhani ya bokosi

Makalabu ena afunsa ngati tingapangire anamzeze mabokosi monga amaonera m'mabuku ndi pa intaneti. Apa tisiyanitse bwino. Bokosi lotseka, lokhala ndi kabowo kutsogolo, ndi la mtundu wa namzeze wa ku North America umene mwachilengedwe umaswera m'mphako za mitengo. Kumeneko anthu amaboola kabowo ka masentimita pafupifupi 4, n'kukhomera bokosilo pa paipi yachitsulo yoterera, n'kuveka paipiyo chitini chachikulu kapena lata lopindidwa ngati chipewa, kuti njoka, mphaka ndi kanyama kawo kotchedwa raccoon zilephere kukwera. Anaphunzira kuti bokosi lokhomedwa pamtengo kapena pampanda popanda chotchinga limasanduka mbale ya adani, chifukwa mdani akadyapo kamodzi amabwerera.

Anamzeze a m'makonde mwathu ndi amisiri a dothi. Salowa m'bokosi lotero. Mukalikhoma, alendi ake adzakhala mbalame zina zoswera m'mphako, ndipo zimenezo n'zabwinonso. Koma chimene namzeze wathu amafuna ndi bokosi lotseguka, kapena kuti kashelefu, ndi khoma limene dothi lingagwire. Phunziro la anzathu aja ndilo titenge: kupereka malo popanda chitetezo n'kumutchera msampha amene umati ukumuthandiza.

Kapangidwe kake n'kosavuta, ndipo zidutswa za matabwa zotsala pomanga n'zokwanira.

Dulani thabwa la masentimita 15 mbali zonse, mulikhomere kukhoma kunsi kwa denga, kusiya mpata wa masentimita pafupifupi 15 pakati pa thabwalo ndi denga. Chisa chikamangidwapo, pamwamba pake pamatsala kampata kongokwanira namzeze, kosakwanira khwangwala. Thabwa likhale losapala ndi losapaka mankhwala a chiswe kapena oyilo wakuda. Pakhoma lopakidwa penti yonyezimira dothi siligwira, ndipo chisa chimagwa ana atalemera. Pamenepo khomani kathabwa kokhakhala kapena kachidutswa ka waya wa nkhuku kuti matope apeze pogwira.

Malo ake akhale mamita awiri ndi theka kapena atatu kuchokera pansi, kutali ndi mtanda, waya, paipi yamadzi, zenera ndi pamwamba pa chitseko. Musanakhome, imani pansi n'kudzifunsa kuti, "Ndikanakhala mphaka kapena khoswe, ndikanadzera pati?" Njira iliyonse imene mwaiona, itsekeni. Dulani nthambi zimene zakhudza denga. Chotsani milu ya njerwa, nkhuni ndi madesiki othyoka imene yatsamira khomalo. Ngati pali nsanamira pafupi, ikulungeni ndi lata losalala. Linthumbu likaoneka, thirani phulusa kuzungulira maziko monga timachitira pakhola la nkhuku.

Musaike kamtengo koterapo pafupi ndi chisa. Namzeze sakafuna, amene amakagwiritsa ntchito ndi khwangwala. Musaikenso gaga kapena mpunga, pakuti mudzangoitana makoswe ndi mpheta. Ndipo kumbukirani dzuwa la mu Okutobala: chisa chokhudzana ndi malata chimatentha mpaka ana kudzigwetsa pansi. Sankhani mbali yamthunzi, kunsi kwa siling'i kapena thabwa, ndipo musapange bokosi la chitini.

Mwana wa namzeze akagwa ali wamoyo, m'bwezereni m'chisa. Makolo ake samukana chifukwa choti munthu wamugwira. Mukatero sambani m'manja ndi sopo.

Tisalimbane ndi adani powapha

Wina anena kuti njira yachidule n'kupha njoka, kuthira tameki ndi kugenda akhwangwala. Ndikupemphani kuti tisatero. Njoka zambiri za pakhomo zimadya makoswe, ndipo kuzisakasaka ndi kumene kumalumitsa anthu. Tameki ndi poizoni woopsa kwambiri: khoswe amene wamudya akadyedwa ndi mphaka, galu kapena kadzidzi, amapha nazonso, ndipo m'nyumba muli ana athu. Kadzidzi, amene ambiri timamuopa chifukwa cha zikhulupiriro, ndiye mlenje wamkulu wa makoswe usiku. Tikamupha, makoswe amachuluka, n'kudya chimanga chathu ndi mazira a namzeze omwe. Khoswe timugonjetse ndi msampha, ndi ukhondo, ndi kusunga chimanga motetezeka. Mphaka tizimudyetsa ndi kumutsekera m'nyumba m'masiku ochepa amene ana a mbalame akutuluka m'chisa. Zisa zina zidzadyedwabe, ndipo namzeze akataya mazira nthawi zambiri amaikiranso. Cholinga chathu n'chakuti nyumba zimene tamanga ife zisapatse mdani mwayi woposa umene akanakhala nawo kutchire.

Madandaulo awiri oyenera kuwamva

Loyamba ndi la zitosi. Aphunzitsi aakulu ndi oyang'anira zipatala akunena zoona kuti chisa pamwamba pa khomo chimadetsa. Walira mvula walira matope, koma matope amenewa ali ndi mankhwala ake. Khomani thabwa lina lotambalala pafupifupi theka la mita kunsi kwa chisa kuti liziwakha zitosi, osati pafupi kwambiri, kuopa kuti lingasanduke makwerero a mphaka. Zitosizo zikauma ndi manyowa a m'dimba la sukulu. Komanso pali malo amene chisa sichiyenera kukhalapo: m'chipinda cha odwala, mosungira mankhwala, m'khitchini yophikira phala la ana, ndi pamwamba pa pogulitsira zakudya. M'malo otere tsekani mipata mbalame zisanayambe kumanga, ndipo muziikire kashelefu kunja. Chimene tikukana ndi kugwetsa chisa muli mazira kapena ana.

Lachiwiri ndi la ndiwo. Mwana amene amanyamula legeni nthawi zina amatero chifukwa kunyumba kulibe chodyera nsima, ndipo sitingamudzudzule ngati kuti umphawi anaupanga yekha. Komabe, ana anga, taganizani: namzeze mukamuthothola nthenga amatsala wosakwana mbamu imodzi, pomwe kupha kholo limodzi nthawi yoswa n'kupha chisa chonse ndi njala. Ndiwo zeni zili m'ntchito zimene alangizi athu amalimbikitsa: nkhuku zolandira katemera wa chitopa, akalulu, nkhunda, nsomba za m'maiwe, soya ndi nyemba.

Chitukuko ndi mbalame zikhoza kukhalira limodzi

Ku Mount Moreland, kufupi ndi Durban, kuli dambo la mabango limene linatchuka chifukwa cha anamzeze ochokera ku Ulaya ogona kumeneko miyandamiyanda nyengo ya dzinja. Bwalo la ndege la King Shaka, limene linatsegulidwa mu 2010, linamangidwa pafupi pomwepo. Dambolo silinakwiriridwe. M'malo mwake anaika makina a radar oonetsa kumene magulu a mbalame ali, kuti oyendetsa ndege azichenjezedwa, ndipo anthu ankapita kumeneko madzulo kukaonerera mbalamezo zikutera. Ngati bwalo la ndege linatha kulolerana ndi namzeze, mdadada wa makalasi awiri sungalephere.

Kuno kwathu maziko alipo kale. Tili ndi lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992, limene linakonzedwanso mu 2017, ndi lamulo losamalira chilengedwe la 2017. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo. Masomphenya a Malawi 2063 amatchula kusamalira chilengedwe ngati chimodzi mwa zinthu zothandizira kuti chitukuko chitheke. Madambo a nyanja ya Chilwa ndi Elephant Marsh anazindikiridwa padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, mwa zina chifukwa cha mbalame zake. Bungwe la WESM lakhala likugwira ntchito ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu kwa zaka zambiri. Chotsala ndi ntchito ya manja athu pakhonde.

Pempho langa

Kwa makomiti a sukulu, a zipatala ndi a misika, pamodzi ndi amisiri amene mumawalemba ntchito: musanapake penti kapena kusintha denga, yenderani nyumbayo. Mukapeza chisa muli mazira kapena ana, yambirani mbali ina. Kudikira kwake ndi pafupifupi masabata asanu. Chisa chopanda kanthu chimene sichikutchinga ntchito chisiyeni, chifukwa anamzeze amabwerera kudzachikonza n'kuchigwiritsanso ntchito.

Kwa aphunzitsi oyang'anira makalabu: kalabu iliyonse ikhome mashelefu awiri kapena atatu, ndipo ikhale ndi kope la zisa. Lembani tsiku limene kumanga kwayamba, chiwerengero cha mazira, ana amene aswa, amene auluka, ndi chimene mukuganiza kuti chawononga chisa chikalephera. Suzumirani ndi kagalasi komangirira kundodo, kamodzi kapena kawiri pasabata, masana, mwachangu, osati kalasi yonse nthawi imodzi. Nyengo ikatha, tumizani zolembazo ku ofesi ya zachilengedwe ya khonsolo kudzera kwa alangizi a maphunziro a m'dera lanu. Mwana amene waphunzira kuona, kuwerenga ndi kulemba zoona zokhazokha wayamba kale sayansi.

Kwa mafumu athu: mawu anu pabwalo amamveka kuposa chikwangwani chilichonse. Tithandizeni kuletsa kutentha mabango ndi tchire mwachisawawa, ndi kutchera ulimbo pamadzi pamene mbalame zimamwera.

Kwa alimi: poperani mankhwala pokhapokha mlangizi waona kuti m'pofunika, pamlingo wolembedwa, ndipo musatsukire mipope mumtsinje. Mu 2024 mutu wa tsiku lino padziko lonse unali wokhudza kuteteza tizilombo kuti mbalame zitetezeke, pakuti namzeze amene wapulumuka kwa mphaka ndi njoka amafabe akasowa chakudya.

Ndipo kwa inu ana asukulu: chisa chimene chili pakalasi panu ndachisiya m'manja mwanu. Muchidziwe, muchilondere, ndipo tikadzakumananso mudzatiuze kuti ana angati anauluka.